Masabata 10 ku Mzuzu: zolemba za waganyu wa kontirakiti

Loweruka usiku, Lilongwe

Chikwama chili pakhomo. Mawa m'mawa ndikukwera basi ya ku Mzuzu, komwe ndapeza ntchito ya masabata 10 yoyang'anira achinyamata ochita kalembera wa mijigo ndi zitsime m'maboma a Nkhata Bay, Karonga ndi Rumphi. Iyi ndi kontirakiti yanga yachinayi ya mtundu uwu, koma kumpoto sindinagwireko ntchito. Mng'ono wanga wangomaliza kumene sukulu ya ukachenjede ndipo sandipatsa mpata ndi mafunso a momwe ntchito zoterezi zimayendera, ndiye ndati ndizilemba madzulo, iye ndi anzake aziwerenga okha.

Amayi aimba foni kuchokera ku Ntcheu kuti ndisaiwale juzi. Ndawayankha kuti ndikupita kunyanja, kotentha. Angoti, "Iwe mwana, Mzuzu si nyanja." Ndaponyamo juzi imodzi kuti ndiwasangalatse.

Zina zomwe zalowa m'chikwama ndi masikito anga, tochi, mapawa banki awiri, ekisitenshoni, nsapato zotseka, zitenje zitatu, chiphaso cha unzika ndi mafotokope ake, ndi kabuku ka kuchipatala. Kontirakiti sindinasaine. Anditumizira tsamba limodzi lokha pa imelo, lonena ndalama yonse ndi tsiku loyamba ntchito. Akuti zina tikaonerana komweko.

Lamlungu, Mzuzu

Amayi ananena zoona.

Ulendo wa makilomita oposa 350 pamsewu wa M1 watidya tsiku lonse. Mponela, Madisi, Kasungu, konseko dzuwa linali bwino ndipo ndinkadziseka ndi juzi yanga. Pa Jenda tinaima palodibuloko, azimayi a tomato ndi anyezi atazinga basi, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti chilankhulo chasintha. Ndinafunsa mtengo m'Chichewa, anandiyankha m'Chichewa, koma pakati pawo ankacheza m'Chitumbuka.

Titalowa m'Chikangawa zinthu zinatembenuka. Nkhungu inatsika mpaka pamsewu, dalaivala n'kuyatsa nyali masanasana, aliyense n'kuyamba kutseka mawindo. Bambo amene ndinakhala naye pampando anandiuza kuti ali mnyamata munkadutsa muno ngati mumphanga, mitengo ya paini mbali zonse. Nkhalangoyi ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000, koma lero malo ambiri ndi zitsa ndi timitengo tating'ono. Pofika ku Lusangazi mano anga anali akugundana.

Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo mvula kuno imachedwa kusiya. Mwezi wa Meyi uno kwathu udzu wauma kale, koma ndatsika padepoti mvula yamawawa ikugwa. Anyamata a njinga zakabaza, zomwe kuno amazitcha sakaramento, anandithamangira. Ndinakwera imodzi, chikwama china pa njinga inzake, ulendo wofuna pogona.

Ndisanalipire chipinda ndimaona kaye zinayi: loko wa chitseko, madzi pampopi, soketi ngati ikugwira, ndi poti ndingamangirire masikito. Resitihausi yoyamba inalephera pa loko. Yachiwiri ndalipira masiku awiri okha. Mnzanga wina analipira lendi ya mwezi wathunthu pa foni, nyumba asanaione, atangotumiziridwa zithunzi, ndipo atafika anapeza kuti nambala ija sikupezekanso. Kuyambira pamenepo ndimafika tsiku limodzi ntchito isanayambe, n'kufunafuna nyumba ndi miyendo yanga.

Ndagona nditavala juzi, masokosi, ndi chitenje pamwamba pa bulangete.

Lolemba

Lero linali tsiku la mapepala, ndipo mng'ono wanga, ngati uwerenge tsiku limodzi lokha, werenga lino.

Kuofesi ndinapeza achinyamata 20 omwe ndikhale nawo. Mayi woona za antchito anagawa makontirakiti a masamba 6 pamodzi ndi zolembera. Mphindi ziwiri zisanathe onse anali atasaina. Sindikuwanena. Munthu wakhala chaka ndi theka pakhomo, akamupatsa pepala lokhala ndi dzina lake ndi ndalama, dzanja limasaina lokha. Inenso kontirakiti yanga yoyamba ndinatero.

Ndinapempha kuti ndikaiwerengere panja. Mayi uja anati, "Asisi, mulibe chachilendo umo, ndi yomweyo timasainitsa aliyense." Ndinati, "Ndamva amayi, komabe mundilole." Ndinakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi mphindi 40.

Choyamba ndinayang'ana dzina lomwe andipatsa. Analemba kuti ndine consultant. Liwu limeneli limakoma m'khutu, koma chikomekome cha mkuyu. Wolembedwa ntchito amadulidwa msonkho wa PAYE, ndipo pa penshoni bwana amamuikira 10 peresenti, iye n'kuikapo 5. Consultant alibe penshoni, alibe tchuthi cholipidwa, ndipo amadulidwa msonkho wa withholding tax wa 20 peresenti ndalama isanafike m'manja. Pa K100,000 iliyonse yomwe mwaiona papepala, K20,000 ikupita ku MRA, bungwe lotolera misonkho. Achinyamata aja anali atagawa kale ndalama yonse m'mutu, wina foni, wina fizi ya mlongo wake, osadziwa kuti gawo limodzi mwa magawo asanu si lawo. Khalani ndi TPIN yanu, nambala yomwe MRA imapereka kwa wokhoma msonkho, musanayambe, ndipo nthawi iliyonse akakudulani pemphani satifiketi yosonyeza msonkho umene adula. Pepala limenelo ndilo umboni wanu ku MRA, ndipo kulilondola kontirakiti itatha, ofesi ya pulojekiti itatsekedwa, ndi ntchito inanso payokha.

Chachiwiri ndi tsiku lolipira. Analemba kuti adzalipira mwini pulojekiti akavomereza zomwe tasonkhanitsa. Liti? Palibe. Ichi chinandiotchapo kale. Mu 2023 ndinagwirizana mtengo ndi bungwe lina mwezi wa Seputembala, ntchito n'kuigwira, malipiro n'kumadikira kuvomereza komweku. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ndalama inafika mu Januwale, yokwanira ndendende monga tinalemberana, koma pamsika inali itasanduka ina.

Chachitatu ndi chobisika kwambiri. Alawansi ya pogona ndi chakudya amapereka usiku womwe wagona kunja kwa malo ako a ntchito, ndipo malo anga a ntchito analemba kuti ndi Mzuzu. Kutanthauza kuti usiku uliwonse wa mumzinda muno ndi wa m'thumba mwanga, pamene lendi ya ku Lilongwe ikundidikiranso. Ndalama yomwe ku Lilongwe inkaoneka yonona yayamba kuonda.

Za matenda, masamba onse 6 anali chete. Za tabuleti analemba ndime yathunthu: ikasweka kapena kutayika adzakudula. Makina anawaganizira, munthu wonyamula makinawo ayi.

Ndinapita kwa abwana a pulojekiti ndi mfundo zanga pakapepala. Sindinakweze mawu. Ndinati, "Bwana, ntchitoyi ndikuifuna, koma pali zinayi zomwe ndikupempha tigwirizane ndisanasaine." Zitatu zinatheka. Malipiro azibwera pasanathe masiku 14 chiperekereni invoisi, m'zigawo zitatu. Alawansi ya kumudzi tizilandira tisananyamuke, osati pobwera. Wina akadwala tili kumudzi, galimoto ya pulojekiti imutengere kuchipatala, ndipo masiku atatu oyamba asadulidwe. Ndinapempha kuti yomalizayi ikhudze gulu lonse, ndipo anavomera mosavuta kuposa momwe ndinkaganizira. Ndikuona kuti panalibe amene anawafunsapo. Za pogona pa mu Mzuzu anakana kwamtuwagalu, bajeti inatsekedwa kale.

Zonse analemba pamanja kumapeto kwa kontirakiti, tonse awiri n'kusainapo, ine n'kujambula tsamba lililonse ndi foni. Lonjezo la pakamwa la bwana wa pulojekiti limachoka naye tsiku lomwe wasamutsidwa.

Lachiwiri

Ndayenda Chibavi, Chiputula, Katawa mpaka Masasa kufuna nyumba, matope mpaka m'mawondo a buluku. Vuto la munthu wa masabata 10 ndi loti palibe landilodi amene amamufuna. Ambiri akufuna miyezi itatu pamodzi, pamene ine theka la masiku amenewa ndizigona kumudzi. Nyumba ina inali yotchipa bwino, koma ili kumunsi kwa chitunda, khoma lakuseri lobiriwira ndi chinyezi mpaka pawindo. Kuno poona nyumba yang'anani khoma chakumunsi ndipo nunkhizani m'chipinda. Fungo la chuku silibisika ngakhale apake laimu.

Chandipulumutsa ndi mpingo. Mayi wina wa kumvano kwathu ali ndi mchemwali wake kuno, ndipo mchemwaliyo anandilozera kwa mayi wina wamasiye, mphunzitsi wopuma, amene ali ndi kaboyizikota kuseri kwa nyumba yake ku Katoto. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zamatopezo, n'kufunsa kwathu, mpingo wanga, ndi ngati ndimabwera usiku. Kenako anati, "Mwana wane, khala." Ine ndikuwatcha amama, monga achitira onse pano.

Tagwirizana mwezi ndi mwezi. Ndinatulutsa kope n'kulemba lendi, tsiku lolipira, tsiku lomwe ndidzatuluke, ndi momwe tizigawirana mayunitsi a magetsi ndi bilu ya madzi. Ndinkaopa kuti akhumudwa, koma anavala magalasi, n'kukonza Chichewa changa pamalo awiri, n'kusaina.

Madzulo tikuotha mbaula anandifotokozera za mzindawu. Unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung, yoyengera mafuta, cha m'ma 1947, ndipo unakhala mzinda mu 1985. Iwo anabwera kuno kukali tchire malo ambiri omwe lero ndi nyumba zokhazokha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000, ndipo madzi a anthu onsewa amadalira damu la Lunyangwa. Anandilangiza kuti ndowa yanga izikhala yodzaza nthawi zonse, ndiponso kuti mbaula isagone m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa utsi wa makala umapha munthu ali m'tulo.

Langizo lina ndi la zovala. Kuno zimatenga masiku awiri kuti ziume, ndipo pali ntchentche ina yomwe imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Ukavala, kamphutsi kamalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. Mankhwala ake ndi kusita chilichonse, ndi zamkati zomwe. Andibwereka simbi yamakala.

Lachitatu

Maphunziro a gulu tsiku lonse. Mafunso athu analembedwa m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ndipo achinyamata a kuno atiseka. M'tauni muno Chichewa chimayenda bwinobwino, koma gogo wa kumudzi ku Rumphi ukamufunsa za mjigo wake m'Chichewa, akuyankha mwaulemu mawu awiri basi. Tathera masana onse kumasulira m'Chitumbuka ndi m'Chitonga. Ine ndaphunzira monire, muli uli, nili makola, yewo ndi tawonga. Ndikatchula amaseka, koma nkhope zimamasuka.

M'gulu mwathu muli mtsikana wa ku Uganda woona za makompyuta, wabwera miyezi itatu. Anamuuza kuti Malawi ndi dziko lotentha ndipo anabwera ndi madiresi opyapyala okhaokha. Lero wakhala atadzikulunga chitenje changa. Nkhani yake ndi phunziro kwa aliyense wathu amene angapeze kontirakiti kunja. Chilolezo chogwirira ntchito, chomwe kuno chimatchedwa TEP, amapempha ndi olemba ntchito ku Immigration, ndipo chiyenera kukonzedwa munthu asanayambe ntchito. Kulowa m'dziko ngati mlendo wodzacheza n'kuyamba kugwira ntchito ndi mlandu, ndipo iweyo ukhoza kugwidwa. Anafunikanso kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever, poti kwawo ndi limodzi mwa maiko omwe matendawa amapezeka. Ndalama zake amalandira m'madola, ndipo nditamva ndinangoti phee, kukumbukira Novembala uja.

Ndamuperekeza kukalembetsa simu kadi ndi pasipoti yake. Ndamuuza agule ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM. Kumudzi netiweki imodzi ikathawa inzake nthawi zina imagwira pachulu.

Lachinayi, Nkhata Bay

Makilomita osakwana 50, koma ngati walowa dziko lina. Tanyamuka 6 koloko nditavala juzi ndi mpango. Msewu umangotsika, kukhotakhota pakati pa nthochi ndi chinangwa, ndipo pofika pa Mpamba juzi inali pamiyendo. Nyanja ili pa mamita osafika 500, ndiye mwatsika mamita oposa 700 mu ola limodzi. Ndiye kuvala kwake n'kophatikiza, zoti uzivula chimodzichimodzi.

Sitinathamangire kumijigo. Tinayamba ku ofesi ya bwanamkubwa kukapereka kalata, kenako kwa a zamadzi a pabomapo, kenako kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lomwe tikuyambira, ndipo iyeyo ndiye anatitengera kwa amfumu. Wachinyamata wina anadandaula kuti tataya m'mawa wonse ndi moni. Ndinamuuza kuti ku Mangochi tinadumphapo mfumu ina chifukwa chothamangira nthawi, ndipo tsiku lotsatira mudzi wonse unalibe munthu wodziwa komwe kuli mjigo. Munthu wa kontirakiti yaifupi amaona ngati alibe nthawi ya mwambo, koma amene alibe nthawi yokonza zolakwika ndi iyeyo.

Nkhomaliro inali kondowole ndi usipa wauwisi. Kwa amene simunadyepo, ndi nsima ya ufa wa chinangwa, yonata, yoti ukatema mbamu imakoka ngati ulimbo. Ndadya mbamu zochepa koma mpaka pano m'mimba muli ndii.

Titaweruka anyamata anafuna kukasamba kunyanja. Madzi ake ndi oyera moti umaona miyala pansi, ndipo ndi thukuta lomwe tinali nalo, inenso mtima unafuna. Ndawauza za likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, makamaka m'malo osaya, a bango ndi udzu, pafupi ndi pomwe anthu amachapa ndi kusamba, ndipo timalowa pakhungu popanda kumva kanthu. Zizindikiro zimabwera patapita masabata, kontirakiti itatha, uli kwanu, ndipo sungaganize n'komwe za tsiku lija. Mankhwala ake, praziquantel, alipo, koma uyenera kukumbukira kuuza adokotala kuti unasamba m'nyanja. Atatu anapitabe. Ndi akuluakulu, ndalemba maina awo m'kope kuti ndidzawakumbutse kukayezetsa.

Pa madzi akumwa pokha sindinyengerera. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lino linali limodzi mwa omwe anavutika nayo. M'galimoto muli chigubu cha malita 20 chothira WaterGuard, ndipo aliyense amatunga mmenemo. Zimachititsa manyazi pang'ono kukana madzi omwe mayi wakupatsa ndi manja awiri, ndiye ndimalandira, kuthokoza, n'kunena kuti ndangomwa kumene.

Loweruka, Mzuzu

Dzulo sindinalembe. Magetsi anazima, ndipo mapawa banki onse anathera pa matabuleti kuti titumize zomwe tasonkhanitsa.

Lero ndinapita kumsika ndi mtsikana wa ku Uganda uja. Ku Taifa, komwe kumadzaza katundu wochokera ku Tanzania, iye wagula zitenje ndi bulangete. Ine pakaunjika ndapeza jekete yabuluu yochindikala, yosalowa madzi, ndipo ndanenerera mpaka wogulitsa anati, "Asisi, mwachokera ku Lilongwe eti?" Tamwanso khofi wa ku mapiri a kumpoto kuno, yemwe alimi ake ang'onoang'ono amagulitsa kudzera mu Mzuzu Coffee. Kunyumba ndidzatengako mapaketi awiri.

Foni yayamba kulira. Achibale amva kuti ndili pa pulojekiti, ndipo kwathu mawu amenewa amatanthauza kuti ndalama zikusefukira. Msuweni akufuna ya feteleza wa kudimba, wina ya yunifolomu. Sindinalandire ngakhale tambala ya malipiro, ndikudya alawansi ndi zomwe ndinasunga. Njira yanga ndi iyi: chigawo choyamba chikafika, ndimayamba ndapatula lendi ya nyumba zonse ziwiri, thiransipoti yobwerera, ndi ndalama ya miyezi iwiri ya pambuyo pa kontirakiti, poti ntchito ina sidziwika tsiku lobwera. Zimenezo zimapita ku akaunti yomwe ilibe Mpamba kapena Airtel Money. Zotsalazo ndiye timagawana. Msuweni ndamuuza tsiku lenileni lomwe ndingamuthandize, ndi kuchuluka kwake. Sanasangalale, koma wasiya kuflasha.

Lolemba, Karonga

Ekwendeni, Bwengu, kenako chitsikireni cha Chiweta, pomwe nyanja imangotulukira mwadzidzidzi kumunsi, yabuluu mpaka kumapiri a ku Tanzania. Dalaivala wathu, bambo wachikulire amene aliyense amamutcha adada, anatsika phirilo pa giya yaikulu osalankhula ndi munthu. Tinadutsana ndi mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam akukwera ngati nkhono. Tisananyamuke anakana kuyenda mpaka atadzaza thanki ndi kuona tayala lapadera, ndipo wanena kuti mdima ukagwa iye sayendetsa. Ndamukonda.

Karonga ndi kotentha ngakhale mwezi uno. Ndikudandaula, adada anaseka: "Mwana wanga, uku n'kuzizira. Udzabwere Okutobala." M'madambo anthu ali kalikiliki kumweta mpunga wa Kilombero, fungo lake lili ponseponse. Moni wasinthanso, kuno ndi Chinkhonde, ndipo zikomo ndi ndagha. Chakudya chamadzulo chinali mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama.

Ndasintha ndondomeko ya ntchito. Tiziyamba 6 koloko, kupuma dzuwa likafika paliwombo, n'kubwereranso cha m'ma 3. Aliyense botolo la madzi m'manja ndi chipewa kumutu, ndipo m'bokosi la mankhwala ndaikamo mapaketi a Thanzi ORS.

Kuresitihausi masikito awo ndi obooka ngati ukonde wa usipa. Ndamangirira anga. Ndinauza gulu lonse ku Mzuzu kuti aliyense atenge ake, koma ndawerenga asanu ndi awiri okha.

Lachitatu, Karonga

Dzulo masana mmodzi mwa atsikana athu, wa ku Zomba, anayamba kudandaula mutu. Anati ndi dzuwa, wamwa panado, zikhala bwino. Pofika madzulo anali akunjenjemera atafunda jekete yanga yabuluu m'chipinda chotentha ngati uvuni. Ndinamufunsa chifukwa chomwe sananene msanga. Anayankha motsitsa mawu, "Asisi, ndimaopa kudulidwa tsiku."

Apa m'pamene ndinazindikira kulakwa kwanga. Ndime ija ndinaimenyera nkhondo Lolemba lapitalo, koma sindinawawerengere anawa. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha tsamba lomaliza, pomwe abwana analemba pamanja. Anawerenga kawiri.

Adada anaphwanya lamulo lawo la mdima. Kuchipatala anamubaya chala, ndipo mphindi 20 zisanathe mizere iwiri inaoneka. Malungo. Mnzake wina anati ndi udzudzu wa ku Karonga kuno, koma adokotala anati ayi, malungo satulukira tsiku lomwe walumidwa, pamapita sabata kapena kuposa. Awa anawatenga tisanafike kuno. N'chifukwa chake munthu ukabwerera kwanu kuchokera kudera la udzudzu, kutentha thupi kulikonse m'masabata otsatira n'koyenera kukayezetsa tsiku lomwelo, osayamba ndi kugula mankhwala pagolosale.

Anamupatsa LA, mapiritsi 24: anayi nthawi yomweyo, anayi ena patatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatira. Anatiuza kuti azimwa atadya chakudya chamafuta pang'ono kapena mkaka kuti mankhwala alowe bwino m'thupi, ndipo amalize onse ngakhale apeze bwino mawa. Akayamba kusanza chilichonse, kubwebweta kapena kukomoka, tithamange naye, pamenepo pafunika jakisoni. Ndagona naye chipinda chimodzi, alamu pa foni, paketi ya mkaka pawindo.

Lero m'mawa ndisanagawe ntchito ndinasonkhanitsa onse pansi pa mtengo wa mango n'kuwawerengera kontirakiti yawo ndime ndi ndime, ndi za 20 peresenti zomwe. Panali zii. Mnyamata wina anawerengera pa foni n'kugwira kumutu. Wina anafunsa ngati angakasinthe zomwe anasaina kale. Ndinamuuza kuti ino yapita, koma mafunso awa awasunge. Madzulo ano anayi apita kumsika kukagula masikito.

Ndinaimbira abwana kuwadziwitsa. Anayamba ndi kufunsa kuti mijigo ya mtsikanayo achita ndani. Kenako, atakhala chete pang'ono, anafunsa kuti ali bwanji.

Lachisanu, Mzuzu

Tabwerera. Pokwera Chiweta aliyense anayamba kufufuza juzi yake m'chikwama. Wodwala uja wamaliza mankhwala ndipo wadya nsima mbamu zingapo pa Phwezi.

Invoisi yoyamba ndapereka 3 koloko, pamodzi ndi malisiti a mafuta ndi a pogona, omwe ndimawamata m'kope usiku uliwonse chifukwa inki yake imafufutika ndi kutentha. Ndapempha mayi wa kuofesi adinde pa kope yanga ndi kulemba deti. Anandiyang'ana, n'kumwetulira, n'kudinda. Masiku 14 ayamba lero. Ndapemphanso abwana kuti kalata yondichitira umboni adzandilembere sabata yachisanu ndi chinayi, ofesi ikadali yotsegula.

Lolemba tikupita ku Rumphi, midzi ya kufupi ndi Vwaza. Adada andichenjeza kuti kumeneko kuli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera, ndipo imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu. Ndinayang'ana jekete yanga yatsopano ija.

Nditawafotokozera amama, analowa m'nyumba osayankha. Anatuluka ndi chikhoti chakhaki cha malemu amuna awo, chonunkha mankhwala a njenjete, manja ake ofika m'mawondo mwanga. Apinda manjawo kawiri n'kuwagwira ndi mapini, ndipo anena kuti ndikabwera nacho chong'ambika ndidzasoka ndekha.